Khutu la Mmisiri: Mafani a Makompyuta ndi Fumbi la ku Chipata

Mwezi wa Okutobala ukafika, ntchito imandipeza yokha. Anthu amabwera ndi makompyuta atawakulunga m'chitenje, ena atawamanga ndi mphira kumbuyo kwa njinga, kuchokera ku Kapata, ku Mchini, ku Navutika, ena mpaka ku Katete ndi ku Chadiza. Dandaulo limakhala lomwelomwelo: "Amisiri, ikulira ngati chigayo." Ine sindithamangira kumasula. Ndimayamba ndaika bokosilo patebulo, n'kuzimitsa wailesi, n'kuyatsa kompyutayo, kenaka ndimakhala phee kumvetsera. Nthawi zambiri fani imakhala ilibe mlandu. Imakhala ikulimbana ndi kutentha ndi fumbi la tauni yathu ino, ndipo kulira kwakeko ndi umboni woti ili moyo.

Kumvetsera kumeneku ndinakuphunzira kwa amalume anga, amene sanakhudzepo kompyuta mpaka atakalamba. Iwo anali mmisiri wa mataipilaita ndi mawailesi, ndipo kachipinda kawo kanali chakufupi ndi ku Down Shops. Ntchito yotere inkayenda kuno chifukwa Chipata ndi tauni ya makalaliki kuyambira kale. Pamene inkatchedwa Fort Jameson, inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka mu 1911, pamene dzikolo analiphatikiza ndi North-Western Rhodesia n'kupanga Northern Rhodesia. Ulikulu unachoka, koma boma la chigawo cha kum'mawa linatsala, pamodzi ndi mamishoni, masukulu, amalonda a chimwenye ndi ogula fodya ndi mtedza. Onsewa ankafuna makalata otayipa, ndipo taipilaita ikadwala inkafika kwa amalume. Iwo ankaigogoda zilembo zingapo maso ali kumbali, n'kunena kuti, "Mphwanga, wamva? Sipuling'i yatopa." Ankati makina amayamba adandaula asanafe, ndipo mmisiri waulesi ndi amene amadikira utsi.

Makompyuta oyamba amene ndinawaona kuno, m'zaka za m'ma 1990, anali mabokosi otuwa, olemera, okhala m'maofesi a boma, m'mabanki ndi kwa ansembe. Ankawafunditsa nsalu madzulo ngati mwana wakhanda, ndipo pena munthu unkauzidwa kupukuta nsapato usanalowe m'chipindamo. Mapangidwe ake anali akutsatabe kompyuta ya IBM ya mu 1981, imene inali ndi fani imodzi yokha, ya m'kati mwa power supply, kabokosi kamene kamalandira magetsi a kukhoma n'kuwagawa m'katimo. Purosesa ya nthawi imeneyo sinkatentha kwambiri. Zambiri za mtundu wa 486 zinkakhutira ndi heatsink, kachitsulo ka aluminiyamu kokhala ndi mano ngati chipeso, komwazira kutentha mumpweya. Pentium itatuluka mu 1993, kafani kakang'ono pamwamba pa chipesocho kanayamba kukhala kosasowa.

Mafani amenewo anali a mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, ndipo ankalandira mavoti 12. Sankadziwa kufulumira kapena kuchedwa. Ukayatsa m'mawa ankayamba nyimbo imodzi, n'kuimba yomweyo mpaka pozimitsa. Choncho lamulo limene ndinkaphunzitsa alembi a m'maofesi linali lalifupi: ikani dzanja kumbuyo kwa bokosi. Mukamva kamphepo kofunda, pitirizani ntchito. Mukapanda kumva kanthu, zimitsani pomwepo munditumire mwana. Masiku amenewo kukhala chete kwa kompyuta kunali chizindikiro cha maliro, ndipo lamulo langalo linapulumutsa makina ambiri.

Intaneti inafika m'Zambia mu 1994, kudzera ku ZAMNET imene inabadwira pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Kuno inkafika pa waya wa telefoni, mwapang'onopang'ono, ndipo kwa zaka zingapo inali ya anthu owerengeka. Chimene chinasintha ntchito yanga kwenikweni chinali makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito amene anayamba kulowa mochuluka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ena ankabwera ndi mabungwe monga Computer Aid International ya ku London, imene inkatolera makompyuta otsitsidwa m'maofesi a ku Britain n'kuwatumiza kumasukulu a ku Africa. Ena ankabwera ndi amalonda pa basi, pa msewu wa Great East kuchokera ku Lusaka, ena kudzera pa Mwami kuchokera ku Lilongwe. M'tauni munatseguka timashopu ta intaneti, ta kutayipa, ta kujambula nyimbo pa CD. Wailesi ya Breeze FM inayambanso m'zaka zomwezo, ndipo anyamata oimba anayamba kujambula nyimbo zawo m'zipinda zogona, pa kompyuta imodzi ndi maikolofoni imodzi.

Pa makina ochokera kunjawa panali msampha wina umene unatiliza kangapo. Kumbuyo kwa power supply kunkakhala kaswitchi kofiira, mbali imodzi 115, mbali inayo 230. Ochokera ku America ankafika kali pa 115, pamene magetsi athu ndi a mavoti 230. Munthu akalumikiza osakasuntha, kunkamveka phuu, fungo la kupsa n'kudzaza chipinda. Ndikukumbukira aphunzitsi aakulu a sukulu ina ya kumudzi atafika ndi mabokosi atatu otere, nkhope ili yakugwa, chifukwa makolo anali atasonkha ndalama ya mayendedwe. Awiri ndinawadzutsa powaikira power supply ina. Kuyambira tsiku limenelo kompyuta iliyonse yachilendo ndimayamba kuiyang'ana kumbuyo.

Nyengo imene inandiphunzitsa zambiri za mafani ndi ya Pentium 4. Purosesa imeneyi inatuluka mu 2000, ndipo mtundu wake wa mu 2004, wotchedwa Prescott, unali ng'anjo: ina inkatulutsa kutentha kopitirira mawati 100, kuposa babu lowala kwambiri la masiku amenewo, pa kachitsulo kochepa kuposa bokosi la machesi. Kuno inatipeza patapita zaka, azungu atatopa nayo, ndipo inadzaza timashopu ta intaneti. Pofika nthawi imeneyo mafani anali atasintha. Waya wachitatu unali utawonjezeka, wouza motherboard, bolodi lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo, liwiro limene fani ikuzungulira. Kenaka panabwera wachinayi, umene motherboard imalamulira nawo fani: purosesa ikatentha imati thamanga, ikazizira imati pumula. Kompyuta inaleka kuimba nyimbo imodzi ija. Inayamba kupuma ngati munthu wokwera phiri la Kanjala, pena mofatsa, pena mwawefuwefu.

Anthu anachita nazo mantha. Bambo wina wojambula mavidiyo a maukwati ndi a mwambo wa Nc'wala anabwera katatu mwezi umodzi, akuti fani yake ili ndi vuto chifukwa imakuwa akangoyamba kusonkhanitsa vidiyo, n'kutonthola akamaliza. Ndinawafunsa kuti, "Atate, ng'ombe ikamakoka ngolo yodzaza thonje imapuma mofanana ndi pamene ili m'khola?" Ndinawatsegulira BIOS, tsamba limene kompyuta imaonetsapo mmene zida zake zikuyendera, n'kuwaonetsa manambala. Kompyuta ikamangodikira, purosesa imakhala pakati pa madigiri 35 ndi 50, fani n'kumazungulira mwina ka 1,000 pa miniti. Ikasenza ntchito yolemetsa imakwera kufika m'ma 70 kapena 80, ndipo fani yaing'ono imatha kupitirira ka 2,500. Zonsezi ndi zabwinobwino. Choopsa ndi pamene kutentha kukuyandikira madigiri 100, chifukwa apo purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo zikapitirira kompyuta imangothima yokha. Bamboyo anapita kwawo osalipira kanthu, ndipo kompyuta yawo inagwira ntchito zaka zambiri.

Pali chinthu chimene ndimafuna mwini kompyuta aliyense kuno atachimvetsa. Fani sipanga kuzizira. Imangotenga mpweya wa m'chipinda, n'kuupitiriza pa chitsulo chotentha, n'kuutaya kunja. Mpweyawo ukakhala wotentha kale, fani iyenera kukankha wochuluka kuti ichotse kutentha komweko. Makina amene tinkalandira anali atazolowera maofesi ozizira a ku Ulaya. Ife tinawaika m'tizipinda ta malata opanda siling'i, m'mwezi wa Okutobala pamene kunja kumapitirira madigiri 30 ndipo pansi pa malata kumaposa pamenepo, asanu ndi limodzi m'chipinda chimodzi, mawindo otseka poopa akuba. Chipinda chikakwera ndi madigiri 10, m'kati mwa bokosi namonso mumakwera ndi 10. Onjezanipo kuti Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo ndipo sunyamula kutentha kochuluka ngati wa kugombe. Kompyuta yomweyo imene imanong'ona mu Juni imakuwa mu Okutobala, ndipo palibe chimene chawonongeka.

Koma fumbi ndiye mdani weniweni. Kuyambira Ogasiti mphepo imanyamula dothi lofiira la m'misewu ya m'makomboni, phulusa la lupsa kuchokera m'mapiri otizungulira, ndi tiulusi ta thonje nyengo yogula ndi kupuntha thonje. Fani imakoka zonsezi. Pakati pa fani ndi mano a heatsink pamaumbika chinthu chonga bulangete, chokhuthala moti ungachinyamule ndi zala chathunthu. Fani imazungulira ndi mphamvu zake zonse, koma mpweya sudutsa. Motherboard ikaona kutentha kusakutsika imalamula fani kuthamangirabe, ndiye chigayo chija anthu amadandaula nacho. Kusiyana kwake ndi kulira kwabwino ndi uku: fani ya kompyuta yathanzi imakwera n'kutsika motsata ntchito, pamene ya kompyuta yotsamwa fumbi imakuwa osatsika, ngakhale palibe chimene mukuchita. Ndapezamonso mphemvu zitamanga mudzi, nyerere, mavu ataumba dothi pa mapiko a fani ya kompyuta ya kusukulu imene inakhala osayatsidwa tchuthi chonse, ndi nalimata atapsera m'kati mwa power supply pofuna pofunda.

Zipangizo zopemerera fumbi za m'masitolo a ku Lusaka ife tinalibe. Tinali ndi pampu ya njinga, ndipo m'tauni imene munali fakitale ya njinga ya Luangwa, pampu sinkasowa m'nyumba iliyonse. Ndinkatulutsa bokosi panja pansi pa mtengo wa mango, mnyamata wina n'kumapopa, ine ndikulondolera paipi, burashi yopentera ili kudzanja linali. Chala chimodzi chiyenera kugwira mapiko a fani popemerera. Ana amakonda kuiona ikuzungulira mpaka kulira mluzu, koma liwiro lotero limawononga beringi, pamene mapiko amazungulirapo, ndiponso fani yozunguzidwa ndi mphepo imasanduka kajenereta kakang'ono kobweza magetsi ku motherboard. Tikatha, tinkachotsa heatsink, n'kupukuta phala lakale louma pamwamba pa purosesa, n'kupakapo thermal paste yatsopano, kadontho kofanana ndi njere ya mapira aakulu, osapitirira. Ena ankapaka mankhwala otsukira mano. Amagwira masiku ochepa, kenaka amauma n'kusanduka choko, ndipo ine sindinavomerezepo zimenezo pa tebulo langa.

Kulira kumene kumasonyezadi kuti fani ikufa n'kwina, ndipo khutu la amalume ndi limene linandithandiza kukuzindikira. Mafani otchipa ambiri amazungulira pa kamtengo kachitsulo kolowa m'kamphako kodzola mafuta. Mafutawo akauma, fani imabuula poyatsa, makamaka m'mawa wa Juni kukuzizira, grrr, bokosi lonse n'kunjenjemera, ndipo pakapita mphindi zingapo imatonthola. Eni ake amati yachira yokha. Sinachire, yangofunda, ndipo mawa idzabuula nthawi yotalikirapo. Tinkamatula kapepala ka pamsana pa fani, n'kudontheza mafuta a makina osokera, dontho limodzi, n'kumatanso. Mafutawo tinkagawana ndi atelala a pakhonde la sitolo. Zimapatsa fani miyezi ingapo, osati moyo watsopano, ndipo ndimauza mwini wake zoona kuti ayambe kusunga ndalama ya ina. Amene anayesa mafuta ophikira anabwera patapita masabata fani itagwirana ngati yathiridwa ulimbo. Palinso kulira kwa tiki-tiki-tiki kofulumira, kumene kumaopsa anthu kwambiri koma n'kosavuta: waya walendewera n'kumakhudza mapiko. Kaulusi kamodzi komangira kamathetsa nkhaniyo.

M'timashopu ta intaneti munabuka mwambo wochotsa chitseko cha m'mbali mwa bokosi n'kulozetsamo fani ya patebulo. Sindikana kuti masana a Okutobala zinkathandiza, makamaka pa mabokosi akale opanda fani yotulutsa mpweya kumbuyo. Koma makompyuta ambiri a m'maofesi amapangidwa kuti mpweya ulowe kutsogolo, udutse njira yake, utulukire kumbuyo, ndipo ukatsegula m'mbali njirayo imasokonekera, zida zina n'kumakhala zopanda mphepo. Fumbi nalo limalowa momasuka, ndi zala za ana. Cholakwa china chimene ndachikonza kosawerengeka ndi fani yoikidwa chagada. Mpweya umatulukira mbali imene kuli timipiringidzo togwira injini ndi kapepala ka dzina, ndipo mafani ambiri ali ndi kamuvi m'mbali kosonyeza zimenezi. Munthu akaiveka mozondoka, fani ya kumbuyo imakokera m'kati mpweya wotentha umene power supply yangotaya kumene.

Chaka cha 2015 sindidzachiiwala. Madzi anachepa m'nyanja ya Kariba, magetsi n'kuyamba kuthima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo chaka chomwecho ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a pa kompyuta m'dziko lonse. Makompyuta anali ochepa, ana ambirimbiri, moti m'masukulu ena ankalowa mosinthana mpaka usiku. Masabata a mayeso asanafike ndinayenda m'masukulu angapo, kudzutsa makina amene anali atagona m'sitolo zaka. Aphunzitsi ena, amene ambiri anali atangophunzira kumene phunzirolo, ankadzidzimuka magetsi akabwera, makompyuta onse n'kubangula nthawi imodzi. Ndinkawauza kuti, "Aphunzitsi, werengani mpaka khumi." Poyatsa, motherboard isanayambe kulamula, mafani ambiri amathamanga ndi liwiro lawo lonse kwa masekondi ochepa, kenaka amatsika. Akapanda kutsika ndiye tiyang'ane fumbi, kapena waya wachinayi uja ngati walowa bwino, chifukwa fani ikasowa womulamula imasankha kuthamanga. Opanga anachita dala, kuti pakakhala chokayikitsa purosesa ipulumuke. Ndinawachenjezanso za mawu amene amatuluka poyatsa onena kuti fani ya purosesa ili ndi vuto, dinani F1. Ana anali ataphunzira kungodina n'kupitiriza. Pena vuto limakhala laling'ono, pulagi yalowetsedwa polakwika, koma munthu asadine asanasuzumire ndi maso kuti faniyo ikuzunguliradi.

Kenaka makina anayamba kutonthola. Kuchokera pa Core 2 Duo ya mu 2006, mapurosesa wamba a patebulo anatsikira cha pa mawati 65. Mafani anakula, kuchoka pa mamilimita 80 kufika pa 120, ndipo fani yaikulu imakankha mpweya womwewo ikuzungulira pang'onopang'ono, phokoso n'kuchepa. Ndipo lamulo langa lakale la dzanja kumbuyo kwa bokosi linatha ntchito ine ndisanazindikire. Mnyamata wina wopanga zikwangwani ndi makadi a ukwati anabweretsa kompyuta yamphamvu yokhala ndi graphics card, chida chosamalira zithunzi, ya mafani awiri. Nditatsegula ndinaona onse awiri ali chiimire kompyuta ili yoyaka, ndipo ndinayamba kale kuwerengera mtengo wa ena. Mtsikana amene ndikumuphunzitsa ntchito, mdzukulu wa achemwali anga, anandigwira mkono. "Agogo, dikirani. Awa sazungulira kukakhala kozizira." Anatsegula pulogalamu yolemetsa, ndipo kutentha kutakwera kudutsa m'ma 50, mafani aja anadzuka okha, n'kudzaimanso ntchito itatha. Makadi ambiri a masiku ano amatero, ndipo ma power supply ena nawonso amaimitsa fani yawo katundu akakhala wopepuka. Ndinamuthokoza pamaso pa mwini kompyutayo, chifukwa anapulumutsa ndalama za munthu. Tsopano ndimaphunzitsa kuti fani ya pa graphics card kapena ya mu power supply ikaima, muipatse ntchito muone ngati idzuke. Fani ya pa purosesa ya kompyuta wamba ya patebulo ndiyo iyenera kuzungulira nthawi zonse, ndipo pa imeneyo lamulo lakale likadali lamoyo.

Chipata inalengezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo pofika nthawiyo timashopu tambiri ta intaneti tinali titatseka kapena kusanduka malo osindikiza ndi kuchita fotokope, chifukwa intaneti inali italowa m'mafoni. Anzanga ambiri a ntchitoyi anasamukira ku mafoni. Ine ndinatsala ndi mabokosi, chifukwa akadalipo m'masukulu, m'zipatala, m'maofesi a mipingo ndi kwa osindikiza, ndipo bokosi la patebulo ndi makina amene munthu angawatsegule, kuwayeretsa ndi kuwasinthira chida chimodzi osataya onse. Chilala cha 2024 chitabweretsa kuthima kwa magetsi koposa kwa 2015, anthu anagula ma inverter ndi ma sola, ndipo anayamba kubwera ndi funso lomwe lija la bambo wa mavidiyo: bwanji fani ya inverter imayamba yokha n'kusiya yokha? Ndinawayankha monga ndinayankhira iwo.

Sabata yatha kunabwera mayi wina, mphunzitsi wopuma pantchito amene amatayipira anthu makalata kunyumba kwawo ku Kapata. Kompyuta yawo ndi yakale, ya zaka zoposa khumi, ndipo anaibweretsa pa njinga yolipira ataikumbatira pamiyendo. Inkakuwa osatsika. Mdzukulu wanga uja anamvetsera, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Fumbi, agogo. Beringi ili bwino." Titatsegula tinapeza bulangete lija, lofiira, lokhuthala ngati chala. Anagwira mapiko, ine ndikupopa, ndipo titayatsanso fani inabangula masekondi asanu n'kutsikira ku kamphepo konong'ona. Mayiwo anafunsa ngati agule fani ina.

"Ayi, amama," ndinatero. "Muichotse pansi pa simenti muiike patebulo, kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma ngati chikhatho chimodzi. Mukamaigwiritsa ntchito musaifunditse nsalu. Ndipo mudzabwere nayo Ogasiti asanafike, mphepo isanayambe."

Anaikulunganso m'chitenje chawo, mdzukulu wanga n'kuwanyamulira mpaka pamsewu pamene wanjinga ankadikira.